Adani Awiri a Kuwala m'Nthambo za Pansi pa Nyanja

Lamulungu pa 12 May 2024 nthambo ziwiri za pansi pa nyanja, zotchedwa EASSy ndi Seacom, zinaduka kufupi ndi gombe la KwaZulu-Natal, kumpoto kwa mzinda wa Durban, ndipo kwa masiku angapo intaneti inayenda mokwawa m'maiko a Tanzania, Kenya, Uganda, Rwanda, Mozambique ndi Malawi. Pa masiku amenewo anthu ambiri a m'maofesi ndi m'masukulu anazindikira kuti makalata awo, malipiro a ku banki ndiponso maphunziro a ana amadalira timaulusi ta galasi, toonda ngati tsitsi la munthu, togona m'matope a nyanja yamchere kutali ndi dziko lino.

Kuduka kwa nthambo ndi ngozi yooneka, ndipo mankhwala ake ndi odziwika: sitima imapita, nikoka mbali ziwirizo, nizilumikiza. Koma pali adani ena awiri amene amadya uthenga usana ndi usiku ngakhale nthambo ili yamphumphu. Woyamba ndi kumwazika kwa kuwala pamene kukuyenda ulendo wautali. Wachiwiri ndi kupotoka kwa uthenga kumene kumabwera pamene kuwala kwachuluka mphamvu m'galasimo. Chodabwitsa n'chakuti mankhwala a mdani woyamba amanenepetsa wachiwiri, ndipo akatswiri anataya zaka zambiri ndi ndalama zochuluka asanavomereze kuti mmodzi wa adaniwa ayenera kusungidwa wamoyo kuti azilondera mnzake.

Phunziro la 1858

Vuto la kumwazika ndi lakale kuposa ulusi wa galasi. M'mwezi wa August 1858 nthambo yoyamba ya telegalafu inaoloka nyanja ya Atlantic, kuchokera pa chilumba cha Valentia ku Ireland kufika ku Trinity Bay ku Newfoundland, ndipo Mfumukazi Victoria anatumiza moni kwa Pulezidenti James Buchanan wa America. Moniwo unali wa mau 98 okha, koma unatenga maola pafupifupi 16 kuti ufike wonse. Chizindikiro chilichonse cha magetsi chinkanyamuka chili chachifupi ndi chakuthwa, koma chinkafika tsidya linalo chitatambasuka, mchira wake utalowa m'malo a chinzake chobwera pambuyo. Motero wotumiza anayenera kudikira kuti chimodzi chithe asanagogode china.

Mphunzitsi wa sayansi wa ku Glasgow, William Thomson, amene pambuyo pake anatchedwa Lord Kelvin, anali atawerengeratu kuti mtunda ukawirikiza kawiri, kuchedwako kumawirikiza kanayi. Iye analangiza kuti atumize magetsi ofooka, ndipo kumapeto kwa nthambo aike chida chakumva msanga. Koma mkulu wa za magetsi pa kampaniyo, Wildman Whitehouse, amene ntchito yake yoyamba inali ya udokotala, anakhulupirira kuti uthenga wochedwa umafuna kukankhidwa. Anathiramo mphamvu ya ma volt pafupifupi 2,000, ndipo nthamboyo, imene inali yopangidwa mosalongosoka kale, inafa itagwira ntchito masabata atatu okha. Panalibenso lamya yooloka nyanjayo kufikira 1866. Gwero la vutoli m'nthambo ya mkuwa silifanana ndi la m'galasi, koma mayesero ake ndi amodzimodzi: uthenga ukafika wofooka, dzanja la munthu limathamangira kuonjezera mphamvu.

Galasi loyera

M'chaka cha 1966 Charles Kao ndi George Hockham, a ku Standard Telecommunication Laboratories ku Harlow, England, analemba kuti galasi limameza kuwala chifukwa cha zitsotso za m'kati mwake, ndipo kuti litayeretsedwa bwino likhoza kunyamula mauthenga mtunda wautali. Kampani ya Corning ku America inapanga ulusi wotero mu 1970, ndipo pofika 1979 akatswiri a kampani ya lamya ya ku Japan, NTT, anali ndi ulusi wotaya magawo osakwana 5 pa 100 a kuwala pa kilomita iliyonse. Dr. Kao analandira mphotho ya Nobel mu 2009.

Ulusi wa mtundu umenewu uli ndi mtima pakati pake, ndipo m'mtimamo ndimo mumayenda kuwala. Kunenepa kwa mtimawo ndi magawo 9 a milimita imodzi itagawidwa ka 1,000. Chida chotchedwa laser chimaphethira m'menemo, kuyaka ndi kuzima, ndipo kuphethirako ndiko zilembo za uthenga. M'galasi kuwala kumathamanga makilomita pafupifupi 200,000 pa sekondi.

Tsono palibe kuphethira kumene kuli ndi mtundu umodzi wokha wa kuwala. Monga utawaleza umaonetsa kuti kuwala kwa dzuwa ndi mitundu yosanganikirana, chomwechonso kuphethira kulikonse kwa laser kuli ndi timitundu toyandikana kwambiri, ndipo m'galasi timitunduti sitiyenda liwiro limodzi. Aphunzitsi adzamva msanga fanizo ili. Mphunzitsi wamkulu atulutse ana ake pa msewu wa Zomba kupita ku Blantyre, kalasi ndi kalasi, mphindi imodzi pakati pa makalasiwo. Pa chipata cha sukulu aliyense akhoza kuloza kuti awa ndi a Sitandade 6, awo ndi a Sitandade 5. Koma pofika pa Namadzi, amiyendo yaitali a kalasi ya pambuyo adzakhala atapyola otopa a kalasi ya patsogolo, ndipo munthu woima pambali pa msewu adzangoona chigulu chimodzi cha ana. Palibe mwana wasowa, koma makalasi atha.

Muyeso wake ndi wodziwika. M'ulusi wamba, pa kuwala kwa mafunde a nanometre 1,550, mitundu iwiri yosiyana ndi nanometre imodzi imasiyana nthawi yofika ndi magawo 17 a sekondi yogawidwa ka thiriliyoni, pa kilomita iliyonse. Chiwerengero chimenechi chimaoneka chopanda pake kufikira munthu ataganizira kuti laser yophethira ka 10 biliyoni pa sekondi imapatsa chizindikiro chilichonse magawo 100 okha a nthawi yomweyo. Pa liwiro limenelo uthenga umaleka kuwerengeka utayenda makilomita 60 kapena 80. Ndipo lamulo lake ndi lankhanza ngati la Thomson lija: liwiro la kuphethira likawirikiza kanayi, mtunda umatsika ka 16. Pa 2.5 biliyoni uthenga ukhoza kufika makilomita pafupifupi 1,000. Pa 40 biliyoni sudutsa makilomita asanu.

Nthambo yoyamba ya galasi yooloka Atlantic, TAT-8, imene inatsegulidwa mu 1988, inazemba vutoli m'njira ziwiri. Inagwiritsa ntchito kuwala kwa pafupi ndi nanometre 1,310, pamene mwachibadwa cha ulusi wamba kumwazika kumatsala pang'ono kutheratu. Ndiponso pa makilomita makumi angapo aliwonse panali bokosi pansi pa nyanja limene linkasandutsa kuwala kukhala magetsi, kuwerenga uthenga, ndi kuulembanso mwatsopano, monga kalaliki wokopera kalata yothimbirira pa pepala loyera asanaipereke kwa mtengatenga wotsatira. Inkanyamula malamya 40,000 nthawi imodzi, pamene TAT-1 ya mkuwa ya 1956 inayamba ndi 36. Koma makalaliki a pansi pa nyanjawo anali okwera mtengo, ndipo aliyense ankadziwa mtundu umodzi wa kuwala ndi liwiro limodzi basi.

Walira mvula walira matope

Mu 1987 gulu la David Payne ku yunivesite ya Southampton, ndiponso la Emmanuel Desurvire ku Bell Laboratories, linaonetsa kuti kachidutswa ka ulusi kothiridwa mchere wa chitsulo chosowa chotchedwa erbium kakhoza kukweza mphamvu ya kuwala popanda kukusandutsa magetsi. Chidachi chimagwira ntchito pafupi ndi nanometre 1,550, pamene galasi limakhala loyera koposa, ndipo chimakweza mitundu yambiri ya kuwala nthawi imodzi. Pamenepo khomo linatseguka lakuti ulusi umodzi unyamule mauthenga makumi ambiri, uliwonse pa mtundu wakewake. Nthambo za TAT-12 ndi TAT-13, za m'zaka za 1995 ndi 1996, zinaoloka Atlantic ndi zida zimenezi.

Koma chida cha erbium sichiwerenga kalata. Chimakuza chilichonse chimene chafika, zilembo ndi madontho omwe, ndipo chimaonjezapo kaphokoso kake. Zolakwa zimene kalaliki wakale ankafufuta pa bokosi lililonse tsopano zinayamba kuunjikana kuchokera gombe lina kufika gombe linzake. Ndiponso pa 1,550 kumwazika ndi kwakukulu.

Yankho linaoneka lapafupi. Opanga ulusi anasintha kapangidwe ka mtima wake kotero kuti malo opanda kumwazika anasamuka kuchoka pa 1,310 kufika pa 1,550. Ulusi umenewu unatamandidwa kuti ndiwo wa m'tsogolo, ndipo dziko la Japan linaukwirira wochuluka pakati pa mizinda yake. Pamene munkayenda mtundu umodzi wa kuwala, zonse zinali bwino ndithu. Koma atayesa kuthiramo mitundu yambiri, mauthenga anasokonezana kotheratu. Chinali chikomekome cha mkuyu.

Nyerere za m'kati mwake zinali zodziwika kuyambira 1875, pamene John Kerr wa ku Scotland anapeza kuti mphamvu ya magetsi imasintha m'mene galasi limayendetsera kuwala. Kuwala nakonso ndi mafunde a magetsi, motero kukachuluka kumasintha njira imene kukuyendamo. Kusinthako n'kochepetsetsa, ndipo pa galasi la zenera palibe angakuone. Koma m'ulusi kuwala kumapanikizidwa m'kamtima kaja. Gawo limodzi la magawo khumi a watt, mphamvu yosakwana kuyatsa tochi yabwino, likalowa m'menemo limawala koposa dzuwa la masana kamiliyoni, ndipo limakhala lopanikizidwa chomwecho kwa makilomita zikwi zambiri. Zili ngati msewu wadothi m'nyengo ya dzinja. Njinga imadutsa osasiya chizindikiro, koma lole yodzaza imakumba msewu umene ikuyendamo, nisokoneza ulendo wake womwe ndi wa onse oyenda pambali pake.

Kupotokaku kumaoneka m'njira zitatu. Kuphethira kwamphamvu kumadzipotoza kokha, pakuti pakati pake powala kwambiri pamachedwa kusiyana ndi m'mbali mwake. Kumapotozanso uthenga wa pa mtundu woyandikana nawo. Ndipo choipitsitsa, mitundu ikayenda pamodzi imabala mitundu ina yatsopano imene palibe anaitumiza. Mitundu 3 imabala ana 9. Mitundu 10 imabala 450. Ndipo ngati mitunduyo yatalikirana mofanana, ambiri mwa ana apathengowa amagwera pa malo enieni a mauthenga oona.

Apa ndipo pagona mfundo ya nkhani yonseyi. Kuti mitundu iwiri isokonezane kwambiri, iyenera kuyenda phewa ndi phewa mtunda wautali. Anthu awiri oyenda liwiro limodzi ndiwo amapeza nthawi yonong'onezana. Opyolana pa njira amangopatsana moni. M'ulusi wamba kumwazika kunkachititsa mitundu kupyolana msanga, ndipo mosadziwa kunkateteza uthenga. Akatswiri atachotsa kumwazika, anachotsa mlonda. Ku Japan anayenera kutalikitsa mitundu mosafanana, ndiponso kusamutsira mauthenga ku mafunde otalikirapo, kupitirira nanometre 1,570, kumene ulusi wawo unali ndi kumwazika pang'ono kotsala. Sanalakwitse masamu. Anangoyankha bwino funso la chaka chimenecho ndi chinthu chokhala m'nthaka zaka 25.

Kusunga mdani pa chingwe

Njira yotulukira inachokera kwa Andrew Chraplyvy ndi Robert Tkach a ku Bell Laboratories. Iwo anati kumwazika kukhalepo pa malo aliwonse a ulusi, koma kuwerengera kwa ulendo wonse kubwerere pafupi ndi ziro. Izi zimatheka polumikiza zidutswa za ulusi wa mitundu iwiri mosinthanasinthana: m'chidutswa choyamba mitundu ina imatsogola, m'chachiwiri yomweyo imatsalira. Ana a pa msewu wa Zomba aja atachoka pa mseu woyera n'kulowa m'thengo la nthambi zowerama, amiyendo yaitali ndiwo adzavutike, ndipo ngati kutalika kwa thengolo kwayezedwa bwino, kalasi iliyonse idzatuluka itasonkhananso. Ulusi wotchedwa TrueWave, wokhala ndi kumwazika kochepa koma kosafika pa ziro, unatuluka mu 1993, ndipo awiriwo analandira mphotho ya Marconi mu 2009. Kwa zaka zoposa khumi luso la wokonza nthambo linali kujambula mapu a kumwazika: pati akweze, pati atsitse, ndi zingati asiye dala.

Panalinso maganizo ena okongola koposa, amene mbiri yake inayamba pa ngalande. Mu 1834 John Scott Russell anaona bwato litaima mwadzidzidzi pa Union Canal kufupi ndi Edinburgh, ndipo funde limodzi linachoka kutsogolo kwake nilipitirira lokha osaphwasuka. Iye analitsatira pa kavalo mtunda woposa mailosi imodzi. Mu 1973 Akira Hasegawa ndi Fred Tappert anawerengera kuti funde lotero, lotchedwa soliton, likhoza kukhalanso m'ulusi wa galasi, pamene kumwazika kukukoka kuphethira kuti kutambasuke ndipo kupotoka kwa Kerr kukukufinya ndi mphamvu yofanana. Linn Mollenauer, Roger Stolen ndi James Gordon analiona ndi zida zawo mu 1980. Adani awiri kugwirana pakhosi, uthenga n'kudutsa pakati pawo! Koma kaphokoso ka zida zokwezera mphamvu kankachititsa mafundewo kufika mosasunga nthawi, ndipo a pa mitundu yosiyana ankakankhana pokumana. Soliton inakhala yotchuka m'mabuku koposa m'nyanja.

Masamu alowa m'bwalo

Chimene chinasintha zonse chinachokera ku mbali ya kompyuta. Mu 2008 kampani ya Nortel ya ku Canada inayamba kugulitsa zida zolandirira zimene sizimangoona ngati kuwala kwayaka kapena kwazima, koma zimayeza funde lonse, msinkhu wake ndi kayendedwe kake, poliyerekeza ndi laser ina ya pomwepo. Kumwazika kumatsata lamulo losasintha, ndipo chotsata lamulo chikhoza kubwezedwa m'mbuyo ndi masamu. Wodziwa liwiro la mwana aliyense ndi utali wa msewu akhoza kukhala ku Blantyre ndi pensulo, nalemba bwino lomwe amene anatuluka pa chipata ndi kalasi iti.

Kuyambira pamenepo nthambo zatsopano zinaleka kukhala ndi mapu a kumwazika. Zimamangidwa ndi ulusi wa mtundu umodzi, wa mtima wokulirapo kuti kuwala kusapanikizike, ndipo kumwazika kumaloledwa kukula m'mene kungathere. Pa nthambo yonga MAREA, ya makilomita 6,600 kuchokera ku Virginia Beach kufika ku Bilbao, chizindikiro chimodzi chimafika chitasanganikirana ndi zinzake zikwi zingapo, ndipo kachida kochepa ngati chikhatho kamazilekanitsa. Chimene akatswiri anathera zaka akuchithamangitsa chinaitanidwanso kuti chikhale pa khomo.

Nthambo zakale nazonso zinapindula, ndipo apa nkhaniyi ikukhudza thumba la dziko lopanda gombe monga Malawi. EASSy, ya makilomita pafupifupi 10,000 kuchokera ku Mtunzini ku South Africa kufika ku Port Sudan, yokocheza pa Maputo ndi Dar es Salaam, inatsegulidwa mu 2010 ndi mitundu yonyamula zizindikiro 10 biliyoni pa sekondi. M'zaka zotsatira inakwezedwa kufika pa 40, kenaka pa 100 biliyoni, popanda sitima kukhudza nthamboyo. Anangosintha zida za m'nyumba za pa gombe. Ulusi umene bungwe la ESCOM linayala motsata mizere yake ya magetsi, ndi wa makampani ena wofika m'malire a Tanzania, Mozambique ndi Zambia, umamvera malamulo omwewa. Zida za kumapeto zimakalamba msanga ndipo zimasinthidwa, koma galasi limakhala. Akulu a Boma amene amalemba ndi kusayina mapangano a ntchito zotere ayenera kuwerenga mzere wonena za mtundu wa ulusi ndi diso lomwe amawerengera mzere wa mtengo.

Mdani wachiwiri sanagonje kwa masamu. Mu 1948 Claude Shannon anaonetsa kuti njira iliyonse ya mauthenga ili ndi malire, ndipo kuti malirewo amakwera mphamvu ya uthenga ikaposa phokoso. M'waya ndi m'mlengalenga, woonjezera mphamvu amapindula. M'galasi si choncho, monga anaonetsera Partha Mitra ndi Jason Stark mu 2001, ndiponso René-Jean Essiambre ndi anzake mu 2010. Mphamvu ya kuwala ikawirikiza kawiri, chisokonezo cha Kerr chimawirikiza pafupifupi kasanu ndi katatu. Motero nthambo iliyonse ili ndi muyeso wake wa mphamvu: pansi pake uthenga umamira m'phokoso la zida, pamwamba pake umadziphwanya wokha. Kompyuta ikhoza kuwongola gawo la kupotoka kumene uthenga wadzichitira, koma sidziwa zonse zimene oyandikana nawo ananyamula, ndipo phindu lake limakhala lochepa poyerekeza ndi magetsi amene ntchitoyo imadya.

Chifukwa chake omanga atembenukira ku malangizo a Thomson. Zida zonse za pansi pa nyanja zimadyetsedwa magetsi kuchokera pa gombe kudzera m'mkuwa wa m'nthambo momwemo, ndipo magetsiwo ali ndi malire, pafupifupi ma volt 15,000. M'malo mothira mphamvu yonseyo m'maulusi ochepa, amaigawira maulusi ambiri, uliwonse wowala mofatsa. MAREA ili ndi maulusi awiriawiri okwana 8. Dunant ya kampani ya Google, ya 2021, ili ndi 12. Ndipo 2Africa, yozungulira Africa ndi kukocheza pa Maputo, Nacala ndi Dar es Salaam, imafika 16 m'zigawo zina.

Ena akufuna kuchotsa galasi lenilenilo pa njira ya kuwala. Ulusi wa mtima wamphako, momwe kuwala kumayenda mu mpweya ndipo galasi limangokhala mpanda wozungulira, uli ndi kumwazika kochepa, ndipo kupotoka kwa Kerr kumatsala pang'ono kusowa. Kwa zaka zambiri ulusi wotere unkataya kuwala kochuluka. Koma mu 2025 akatswiri a ku Southampton komweko, pamodzi ndi a kampani ya Microsoft, analengeza ulusi wamphako wotaya magawo pafupifupi 2 pa 100 pa kilomita, pamene galasi labwino koposa limataya 3. Ndi wovuta kupanga wautali, ndi wovuta kulumikiza, ndipo mphako yake iyenera kutetezedwa kuti musalowe chinyontho.